Usafulumire Kutchula Dzina la Nyenyezi Yozizira

Katete, Lachinayi masana

Tamanda mwana wanga,

Wapita ku Mkaika kukatsanzika kwa azakhali ako, ndipo ndikudziwa kuti sakumasula msanga. Akuphikira, akulirira, kenako akupatsa thumba la mtedza loti sadzakulola kukwera nalo ndege. Ndiye ndati nditenge mpata uwu ndikulembere, chifukwa ndikamayankhula nawe pamaso mawu anga onse amathera pa majuzi ndi pasipoti. Atate ako ali kuseri, akumanga chikwama chako ndi mphira wa njinga, chikhalirecho wawauza kawiri kuti chili ndi zipi. Asiye. Ndiko kulira kwawo.

Poyamba ndifuna ndione ngati ndinamva bwino zimene unandifotokozera Lamlungu tikuswa mtedza pakhonde, chifukwa amayi a kutchalitchi akandifunsa kuti mwana wapita ku Chile kukatani, sindifuna kungoyankha kuti zakumwamba. Unati nyenyezi imayaka chifukwa cha kulemera kwake. Kulemerako kumafinya pakati pake mpaka mpweya wa haidirojeni umayamba kupsa, ndipo moto umenewo suzima msanga. Unati pali zina zimene zinabadwa mofanana ndi nyenyezi, koma kulemera kunaperewera, moto wa pakati sunagwire. Zimangokhala ndi kutentha kumene zinabadwa nako, n'kumazizira pang'onopang'ono ngati mbatata yophula m'phulusa. Zimenezi ndi zimene mumazitcha mabulauni dwafu, ndipo malire ake ali pa kulemera kwa dziko lalikulu la Jupita kuchulukitsa pafupifupi ka 75. Ndalakwitsa? Ukandikonze.

Chimene chinandiimitsa manja ndi chotsatiracho. Unati bulauni dwafu amene wangobadwa kumene amakhala akadali wotentha, ndiye amaoneka chimodzimodzi ndi kanyenyezi kakang'ono kokalamba. Sungaziike pa sikelo, sungazifunse zaka. Chimene uli nacho ndi kadontho ka kuwala kofooka, koti maso a munthu sangakaone, kamene telesikopu imakamwaza ngati utawaleza kuti iwe uwerenge timizere ta m'menemo. Unatchula kamzere ka lithiyamu, kamene nyenyezi imakatentha n'kukamaliza pamene bulauni dwafu wopepuka amakasunga. Koma unatinso pamalire penipenipo kamzereko kakhoza kukunamiza, ndipo nthawi zina kamaoneka mwa apo ndi apo moti anthu awiri ophunzira amatsutsana. Ntchito yako ikhala yonena kuti ichi ndi nyenyezi, ichi ayi.

Mwana wanga, ntchito imeneyo ndikuidziwa. Ine kumwamba sindinayang'aneko, koma zaka zonse zimene ndinagwira ntchito mu labu ya chipatala ndinali wowerama pa maikolosikopu, kuyang'ana timadontho tofooka n'kumanena kuti ichi ndi malungo, ichi ayi. Ndinalakwitsapo, ndipo ndifuna udziwe m'mene ndinalakwira.

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kena ku Vubwi, iwe usanabadwe, Vubwi asanakhale boma. Magetsi kunalibe. Maikolosikopu yathu inali ya kalilole pansi, yoti uziitembenuza kuti itole dzuwa la pawindo. Odwala ankabwera ochokera ku Zambia kuno, ku Malawi ndi ku Mozambique, ndipo palibe amene ankawafunsa kuti kwanu n'kuti. Mkulu wa labu anali a Mbewe, bambo odziwa ntchito koma a pakamwa pakuthwa. Sabata yanga yachitatu ndinawaitana kuti adzaone kachilombo, iwo anasuzumira, n'kuseka kuti manesi onse amve. Anati, "Namwali wa ku kolejiyu aona malungo ngakhale m'madzi a pa mjigo." Ndinachita manyazi mpaka ndinalephera kudya.

Sabata yotsatira kunabwera mayi wina wa tsidya la Mozambique, atabereka kamtsikana ka zaka ngati zitatu. Inali nyengo ya dzinja, kumwamba kutachita mdima, pamzere anthu mpaka pansi pa mtengo wa mango. Ndinamubaya mwanayo pachala, ndinapaka magazi pa kagalasi, ndinathira utoto, n'kuyang'ana. Kumapeto kwenikweni kwa kagalasiko ndinaona kamphete kamodzi, kofooka, koti ukaphethira kasowa. Mtima unandiuza kuti ndi kachilombo. A Mbewe anali pa tebulo lomwelo, mkono umodzi kuchoka pamene ndinali. Ndinakumbukira kuseka kuja, ndinatenga cholembera, ndinalemba kuti palibe. Adokotala anamupatsa mayiyo mankhwala ochepetsa kutentha kwa thupi, ndipo mayiyo anabwerera kwawo wapansi.

Patapita masiku anayi anamubweretsa mwanayo pa ngolo, atakomoka, maso atatembenuzika. Magazi ake tsiku limenelo sanafune luso, tizilombo tinali mbwee. Anachira, tithokoze Mulungu, koma makutu ake sanabwererenso bwino. Mayi ake sanandikalipire. Anandipeza pa mjigo ndikutsuka magalasi, anaima, nati, "Inu mai, paja munati palibe." Anangonena zomwezo n'kupita. Patapita zaka ndinamuona mtsikanayo pa msika akugulitsa tomato, ogula akumukuwira kuti amve. Ndinadutsa mbali ina.

Ndiye ukaona kamzere kofooka, Tamanda, ndipo mkulu wako ali pafupi, muitane. Ngati aseka, aseke. Kusekedwa kumatha pofika Lolemba. Ndikukudziwa iwe, umalolera kufa ndi funso m'kamwa kusiyana n'kuti uoneke wosadziwa. Unatengera ine. Usalole manyazi akulembere yankho.

Palinso china pa nkhani yomweyo chimene ndinachizindikira mochedwa. Mayi uja pondipatsa mwana anayankhula zambiri, Chichewa cha kumalire chosakaniza ndi Chipwitikizi, ndipo ine ndinangogwedeza mutu osamva. Nesi wina anadzandiuza pambuyo pake kuti mayiyo ankanena zoti mwanayo wakhala akutentha n'kuzizidwa mosinthana kwa masiku atatu, ndiponso kuti mkulu wake anadwala chimodzimodzi. Ndikadamva zimenezo ndikadayang'ana kagalasi kaja mpaka dzuwa litatuluka. Chifukwa chake ukafika kumeneko phunzira Chisipanishi, osati cha m'buku chokha ayi, cha oyendetsa galimoto ndi ophika ndi amene amakonza telesikopuyo. Iwowo amadziwa tsiku limene makina anavuta, zimene sizilembedwa paliponse. Uziwapatsa moni ndi maina awo.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunabadwa m'koyambako. Chichitikireni za mwana uja ndinagwidwa ndi mantha, ndipo kadontho kalikonse ndinkakalemba malungo. Ndinkadziuza kuti kuli bwino munthu amwe mankhwala pachabe kusiyana n'kuti akomoke. Kunabwera a Sakala, mlimi wa thonje, wamtali, wofatsa, akudandaula kutentha thupi ndi thukuta. Ndinaona timadontho takuda, ndinalemba malungo. Anamwa mankhwala, sanachire, anabweranso. Ndinaonanso timadontho, ndinalembanso malungo. Ulendo wachitatu anabwera atawonda, malaya akulendewera, ndipo a Mbewe anatenga kagalasiko okha. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako ananyamula botolo langa la utoto n'kuliloza ku windo. Pansi pake panali zinyenyeswa. Sindinkasefa utoto. Timadontho timene ndinkationa tinali tochokera m'botolo langa, osati m'magazi a munthu. A Sakala anali ndi chifuwa chachikulu, ndipo miyezi iwiri imene ine ndinkawauza za malungo anali akutsokomola m'nyumba ya ana asanu.

Tsiku limenelo a Mbewe sanaseke. Anatseka chitseko, anakhala pa mpando, nati, "Mwana wanga, pa pepalali pali mabokosi awiri, lakuti alipo ndi lakuti palibe. Koma taona pansipa, pali mzere wopanda kanthu. Ukudziwa ntchito yake?" Ndinati ayi. Anati, "Ndi polemba kuti sindikutsimikiza, abwerenso mawa tidzayezenso. Amene amalemba pamenepo ndiye wadziwa ntchito." Kenako anang'amba kapepala kosefera, anandionetsa kapindidwe kake, n'kuwonjezera motsitsa mawu kuti tsiku lija sanachite bwino kundiseka. Kuchokera pamenepo mzere wapansiwo ndinaugwiritsa ntchito mwina kawiri pa sabata mpaka ndinapuma ntchito. Odwala ena ankanyinyirika chifukwa cha ulendo wobwereza, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

N'chifukwa chake Lamlungu ndinakufunsa ngati telesikopu nayo ili ndi zinyenyeswa zake, ndipo unaseka n'kunena kuti zilipo, kuti mpweya wa dziko lathu lomweli, makamaka chinyezi, umalemba timizere take pamwamba pa timizere ta nyenyezi. Ndinasangalala kumva zimenezo, ngati ndakumana ndi m'bale. Uzisefa utoto wako, mwana wanga. Usanauze anthu kuti wapeza chachilendo, yamba wafunsa ngati sichinachokere m'botolo lako. Ndipo pa mapepala anu ngati palibe mzere wa sindikutsimikiza, uujambule wekha. Ukufuna kupeza bulauni dwafu, ndinaona m'maso mwako. Munthu akafunitsitsa chinthu, maso amamuthandiza kuchiona ngakhale palibe.

Ndili ndi mafunso ena amene sindinafunse chifukwa atate ako anatilanda nkhani. Unati mtunda wa zinthuzi mumauyeza poziyang'ana lero, n'kudzaziyang'ananso pakapita miyezi isanu ndi umodzi dziko litazungulira mbali ina ya dzuwa, monga m'mene chala chimasunthira ukatseka diso limodzi kenako linalo. Chiyambire tsiku limenelo atate ako akumaima pabwalo, chala m'mwamba, akuphethira ku phiri la Mphangwe. Aneba ayamba kundifunsa ngati ali bwino. Koma ine funso langa ndi ili: ngati chinthucho nachonso chikuyenda, mumasiyanitsa bwanji kuyenda kwake ndi kuyenda kwathu? Ndipo mitambo ya mchenga ndi chitsulo imene unati imakhalako, imagwetsa mvula? Mvula yachitsulo imagwera pa chiyani, popeza unati kulibe nthaka? Ndipo bulauni dwafu akazizira n'kuzizira, kumapeto kwake amakhala chiyani? Uzindiyankha limodzi limodzi pa foni, osati monditaya ngati ndine gogo wosamva. Ndinakhoza kemisitiri ine.

Dzina lina limene unati anthu amazitcha, lakuti nyenyezi zolephera, atate ako analikana. Anati, "Zinalephera mayeso a ndani? Zinalembetsa?" Tinaseka tonse, koma ine kuseka kwanga kunathera panjira, ndipo chifukwa chake ndikuuza kutsogoloku.

Zinazi ndinena mwachidule popeza ndakhala ndikuzinena mwezi wonse. Uzidya, ngakhale chakudya chisakukomere. Unati kumapiri kumene kuli matelesikopu n'kouma ndi kozizira, ndiye mafuta odzola ndaika m'thumba la m'mbali. Upeze tchalitchi, ngakhale usamve ulaliki, nyimbo uzimva. Mwamuna akakufuna, umuone m'mene amayankhulira ndi munthu womutumikira chakudya. Mkulu wa ntchito akafuna dzina lake lokha pa chimene wachipeza iwe, usakhale chete, koma usayambe ndi ukali. Ndipo ukadwala malungo m'milungu yoyambirira, uwauze msanga kumene wachokera, chifukwa kumeneko mwina sawaganizira n'komwe.

Tsopano kulakwa kwachitatu, kumene sindinauzepo munthu, ngakhale atate ako, kufikira m'mawa uno. 

Iwe unachedwa kuyankhula. Ana anzako akuimba, iwe unkangoyang'ana. Ku sukulu unkakhala kumbuyo, osakweza dzanja, ndipo malipoti ako ankangoti ndi wofatsa, akuyesetsa. Ine ndinakuyang'ana mwachangu, monga ndinayang'anira kagalasi ka mwana uja, n'kulemba yankho mumtima: uyu ndi wapakatikati, apite ku unamwino, apeze ntchito pafupi, ndizimuona. Sindinakufunse. Ndinkati ndi chikondi.

Uli giredi 12, ku sukulu yogonera konko, tsiku lina Loweruka kunabwera aphunzitsi ako a fizikisi, mayi Tembo. Anabwera pa njinga yahayala, fumbi mpaka m'tsitsi, atanyamula envulopu. Anakana tiyi. Anati, "Amake Tamanda, mwana wanu si wamba. Mafunso amene amandibweretsera pakapepala kalasi ikatha, ena ndimakagona nawo." Anati kuli maphunziro a masabata angapo ku Lusaka a ana okhoza sayansi, ndipo ochita bwino kumeneko amathandizidwa kulowa yunivesite. Sukulu inaloledwa kutumiza mwana mmodzi, ndipo iwo anasankha iwe. Chinatsala ndi siginecha ya kholo. Anati sanakuuze kaye, poopa kukupatsa chiyembekezo makolo asanavomere.

Ndinawauza kuti asiye fomuyo, tikambirana ndi atate ako. Atachoka ndinaiwerenga kawiri. Ndinaona Lusaka, ndinaona yunivesite, ndinaona iwe wosayankhulawe uli pakati pa ana a m'tauni akukuseka, ukulephera, ukubwerera wosweka. Ndinaonanso nyumba ino yopanda iwe. Sindikudziwa kuti mwa ziwirizi chinalemera n'chiti. Ndinaipinda fomuyo, ndinaiika m'buku langa lakale la labu. Lachitatu ndinawaimbira mayi Tembo n'kuwauza kuti takufunsa ndipo wakana, mtima wako uli pa unamwino, asakuvutitse nazo chifukwa uchita manyazi. Anati, "Zoona?" Ndinati zoona. Anatumiza mwana wina.

Pa holide unabwera uli chete kuposa kale. Tsiku lina tikuchapa unati, "Amama, ndimaganiza kuti mayi Tembo amandiona ngati ndimakhoza. Koma atumiza wina, sanandiuze n'komwe." Misozi inagwera m'beseni. Ine ndinati, "Aphunzitsi ndi choncho, mwana wanga, ali ndi okondedwa awo." Ndinanena zimenezo ndi pakamwa pangapa, n'kupitiriza kuchapa.

Zotsatira ukuzidziwa kuposa ine. Zaka ziwiri ku koleji ya unamwino, ukuwonda, ukukhoza mayeso opanda chimwemwe. Tsiku lija unabwera ndi katundu wako yense n'kunena kuti wasiya, ukalembetsa fizikisi wekha, ndinakukalipira kuti wataya zaka ziwiri. Amene anataya zakazo ndine. Ndipo pa ukwati uja ku Sinda, mayi Tembo atabwera kudzakupatsa moni, ndinaona m'mene unawayankhira mwaulemu wozizira n'kutembenuka. Anaima pamenepo ndi mbale m'manja, osamvetsa. Ine ndinali pambali, ndikudziwa zonse, ndinangoyang'ana pansi.

Ndakhala ndikudziuza kuti poti wafika kumene unkafuna, nkhaniyi ilibenso ntchito. Koma Lamlungu, pamene unkafotokoza za kuweruza chinthu chofooka usanadziwe msinkhu wake, mawu akutuluka ngati madzi, manja akuuluka, ndinaona mwana amene mayi Tembo anamuona kalekale ine ndisanamuone. Sindingakulole ukwere ndege utanyamula chidani cha munthu wosalakwa.

Fomu ija ili m'envulopu muno, kuseri kwa tsamba lomaliza. Yachita chikasu m'mopinda. Pamwamba pake pali dzina lako m'zilembo za mayi Tembo, ndipo pambali analemba ndi pensulo mawu amene unayenera kuwawerenga uli ndi zaka 18. Sindikuuza, uwerenge wekha. Malo a siginecha ya kholo ali opanda kanthu. Ndinaganiza zosaina lero, koma ndaona kuti kungakhale kudzinamiza.

M'mawa uno utangonyamuka ndinawauza atate ako. Anangotuluka kukafuna mphira uja. Ndiyeno ndinapempha nambala ya mayi Tembo kwa mnzanga wa ku Sinda, kumene aphunzitsiwo akukhala chipumireni ntchito. Ndinawaimbira, ndinanena zonse osasiyako.  Kenako anati, "Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ndinamukakamiza mwanayo mpaka anadana nane." Ndinapepesa. Sanati zatha, sanatinso sizinathe. Anangofunsa kuti, "Akukwera basi yanji?" Ndinati yoyamba ya ku Lusaka. Anati, "Imaima pa Sinda mphindi zochepa chabe. Mumuuze akhale pa windo la kumanzere. Ndidzavala chitenje chobiriwira, chifukwa ndakalamba, mwina sangandizindikire."

Kalata iyi sindikuika m'chikwama kuti ukaipeze uli kutali. Ndikupatsa m'manja ukangofika kuchokera ku Mkaika, dzuwa lisanalowe, kuti ngati pali mawu oti undiuze undiuze pamaso, ndiwamve ndi makutu anga. Ukhoza kukwiya, uli ndi chifukwa. Ukhoza kupita osandikhululukira, ndidikira. Koma mawa basi ikaima pa Sinda, tsika, Tamanda. Usangokweza dzanja pa windo. Tsika ukawagwire m'manja.

Ukamaliza kuwerenga undipeza kuseri, ndikuanula zovala zako.

Ndine amako